Kulimbitsa Ngodya za Bokosi ndi Makina a Rauta

Bokosi lililonse la matabwa, kaya ndi losungiramo zovala, kaya ndi dirowa ya tebulo, kaya ndi mng'oma wa njuchi, limayamba kuonongeka pa ngodya. Matabwa ake amakhala akadali olimba, koma pamene adakumana pamayamba kuyasama, misomali n'kumasuka, mpaka tsiku lina mwini wake ponyamula amangotsala ndi mbali imodzi m'manja. Mmisiri amene adakhoma bokosilo sataya ndalama tsiku limenelo, popeza adalandira kale zake. Chimene amataya ndi mbiri, ndipo kalipentala amene mbiri yake yaipa pa msika amagona ndi njala ngakhale zipangizo zili m'nyumba. Nkhani ya lero ikufotokoza njira imodzi yolimbitsira ngodya, imene amisiri amaitcha box joint, ndiponso m'mene amaidulira pa tebulo la makina a rauta mothandizidwa ndi chipangizo chotchedwa jigi.

Zala ndi mipata

Wailesi ilibe zithunzi, komabe womvera aliyense ali nacho chitsanzo cha kalumikizidwe kameneka m'manja mwake. Munthu akatambasula zala za manja onse aŵiri, naloŵetsa zala za dzanja lamanja m'mipata ya dzanja lamanzere, kenaka n'kupinda manjawo kuti apange ngodya ngati ya nyumba, ndiye kuti wapanga box joint. Kumapeto kwa thabwa lililonse mmisiri amadula zala ndi mipata mosinthanasinthana, zonse zofanana kukula ndi zoongoka m'mbali, kotero kuti chala cha thabwa limodzi chimakakhala mu mpata wa thabwa linzake.

Mphamvu ya ngodya yotere imachokera ku guluu. Thabwa lili ngati mtolo wa bango, pakuti lili ndi mitsempha yoyenda m'litali mwake. Kumapeto kwa thabwa, kumene macheka adadula mitsemphayo, kuli timabowo tambirimbiri timene timamwa guluu monga mchenga umwera madzi, ndipo guluu wopakidwa pamenepo sagwira kwenikweni. Koma m'mbali mwa mitsempha guluu amagwira kolimba. Mmisiri akangogunditsa matabwa aŵiri nakhoma misomali, guluu wake yense amakhala pa malo osagwira aja. Akadula zala, m'mbali mwa chala chilichonse mumakhudzana ndi m'mbali mwa chinzake, ndipo kumeneko ndiko guluu amagwira ntchito yake.

Masamu ake ndi osavuta. Thabwa la mamilimita 110 m'lifupi ndi mamilimita 12 kuchindikala, likangogunditsidwa ndi linzake, malo opakapo guluu ndi masikweya milimita 1,320, onse a kumapeto kwa mitsempha. Thabwa lomwelo likadulidwa zala za mamilimita 10, malo aja amakhalapobe pansi pa mipata, koma pamaonjezeka mbali khumi zokhudzana, iliyonse ya mamilimita 12 uku ndi uku, zimene pamodzi zimakwana masikweya milimita 1,440. Malo a guluu aŵirikiza kaŵiri ndi kupitirira, ndipo oonjezekawo ndiwo ogwira bwino.

Kumene njirayi idachokera

Amisiri akale, kuyambira ku Igupto wamakedzana, ankalumikiza ngodya ndi zala zotambalala kunsonga ngati mchira wa nkhunda, zimene pa Chingerezi amati dovetail. Zala zotere zimakolana zokha ngakhale popanda guluu, koma kuzidula ndi macheka ndi tchizulo kumafuna luso ndi nthaŵi yaitali. Zala zoongoka zidafala m'zaka za m'ma 1800 ku Ulaya ndi ku Amereka, pamene mafakitale adayamba kupanga mabokosi ambiri onyamulira katundu ndi makina odula mipata yonse nthaŵi imodzi. Mng'oma wa njuchi wa mabokosi osanjikiza, umene Lorenzo Langstroth wa ku Amereka adalembetsa ku boma mu 1852, mpaka lero kaŵirikaŵiri umapangidwa ndi ngodya za zala, chifukwa umakhala pa dzuŵa ndi pa mvula utasenza uchi wolemera.

Makina a rauta ogwira ndi manja adayambira ku Amereka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, kampani ya Elu ya ku Germany idatulutsa rauta yotsika ndi kukwera pa mizati iŵiri. Rauta ndi injini yamagetsi imene imazungulitsa kampeni kotchedwa biti. Marauta ambiri amazungulira koposa ka 20,000 pa mphindi imodzi. Mmisiri akaitembenuza naimangirira kunsi kwa tebulo, biti yokha ndiyo imatulukira pamwamba kudzera pa bowo, ndipo m'malo moyendetsa makina pa thabwa, amayendetsa thabwa pa makina. Apa ndipo mmisiri wa m'shedi yaing'ono amatha kudula ngodya zimene kale zinkadulidwa ndi mafakitale okha.

Jigi ndi miyeso yake itatu

Rauta imadula paliponse pamene thabwa laikhudza, siidziŵa kuyeza. Woyeza ndi jigi, ndipo mmisiri amaipanga yekha ndi zidutswa za matabwa. Ili ndi ziŵalo zitatu. Choyamba ndi thabwa logona limene limatsetsereka pa tebulo kupita kutsogolo ndi kubwerera, osapendekera kumbali, chifukwa kunsi kwake kuli kamtengo koyenda mu ngalande ya tebulo, kapena timitengo tiŵiri togwira m'mphepete mwa tebulolo. Chachiŵiri ndi thabwa loimirira, ngati khoma, pamene thabwa lodulidwa limatsamira. Chachitatu ndi kachikhomo ka mtengo wolimba kotuluka m'munsi mwa khomalo, pafupi ndi biti.

Ntchito yonse yagona pa miyeso itatu imene iyenera kufanana ndendende: kukula kwa mpata umene biti imadula, kukula kwa chikhomo, ndi danga la pakati pa chikhomo ndi biti. Biti ndiyo imalamula kukula kwa mpata. Danga ndilo limalamula kukula kwa chala. Chikhomo ndicho chimagwira thabwa kuti mpata wotsatira ugwe pa malo ake. Miyeso itatuyi ikafanana, chala chimaloŵa mu mpata ngati chidabadwira momwemo. Umodzi ukasiyana, palibe nyundo kapena guluu amene angakonze ngodyayo.

Popanga jigi, mmisiri amayamba wamanga biti yoongoka, mwachitsanzo ya mamilimita 10, naikweza kuti ipitirire kuchindikala kwa matabwa ake ndi theka la milimita. Amapanira khoma pa thabwa logona ndi kilampu, nalikankhira pa biti kuti padulike mpata woyamba. Kenaka amapala kamtengo ka mlombwa kapena ka mbaŵa mpaka kaloŵe mu mpatawo mothina pang'ono, kosalobodoka. Kamtengoka amakayeza ndi mpata wodulidwawo, osati ndi nambala yolembedwa pa biti, pakuti biti yonoledwa kapena yogwedera pang'ono imadula mosiyana ndi nambala yake. Akakadula paŵiri, chidutswa chimodzi amachimata mu mpata kuti chikhale chikhomo, chinacho amachisunga ngati choyezera. Msinkhu wa chikhomo uchepereko kuya kwa mpata, kuti thabwa lizikhala pansi osati pa chikhomo.

Atazimitsa makina ndi kuzula pulagi, amasuntha khoma chammbali mpaka choyezera chija chikwane bwino pakati pa chikhomo ndi mano a biti. Apo amapaniranso khoma ndi kilampu, osalikhomerera kaye, popeza mwina lidzafunika kusunthidwa.

Kuyesa pa zidutswa

Matabwa masiku ano ndi okwera mtengo. Nkhalango ya paini ya Chikangawa, imene idabzalidwa pa mahekitala oposa 50,000 ku mapiri a Viphya, idachepa kwambiri chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa, ndipo mlombwa wabwino sapezeka wamba. Choncho mmisiri wanzeru sayesera jigi pa matabwa a kasitomala. Amatenga zidutswa ziŵiri za mtundu womwewo ndi kuchindikala komweko, nazidula, naziloŵetsana.

Ngodya yabwino imaloŵa ndi mphamvu ya manja, mwina n'kuigogoda pang'ono ndi chibakera, ndipo ikanyamulidwa yopanda guluu siguluka. Ikakana kuloŵa ndiye kuti zala zanenepa, ndipo chikhomo chisunthidwe kuyandikira biti. Ikalobodoka ndiye kuti zala zaonda, ndipo chikhomo chisunthidwe kutalikira biti. Kusuntha kwake n'kwakung'ono zedi. Pepala lolembapo limachindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndipo nthaŵi zambiri kusuntha kofanana ndi pepala limodzi kapena aŵiri n'kokwanira. Ngodya yothina kwambiri nayo ndi yolakwika, chifukwa guluu wamadzi amafufumitsa thabwa, ndipo zala zimene zidaloŵa movuta zili zouma zimakana kapena kung'aluka zikanyowa.

Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pa jigi mawuŵa amaoneka ndi maso. Danga likapitirira ndi magawo aŵiri okha mwa magawo khumi a milimita, mpata uliwonse umasunthira kutsogolo pang'ono kuposa unzake, kotero kuti pa thabwa la mamilimita 110 lija chala chomaliza chimatsala cha mamilimita 9 m'malo mwa 10. N'chifukwa chake kuyesa kuchitike pa chidutswa chachikulu ngati thabwa lenilenilo, osati pa kachidutswa ka zala ziŵiri. Ngodya yoyesera ikakwana, khoma limangidwe ndi masikuluwu.

Kadulidwe kake

Matabwa anayi a bokosi akhale ouma, opalidwa mofanana, ndi odulidwa pa sikweya kumapeto konse. Ndi bwino kuti m'lifupi mwake mugaŵike ndi kukula kwa biti popanda chotsala, ndipo nambala ya magawo ikhale yosagaŵika paŵiri, monga 9 kapena 11, kuti thabwa liyambe ndi chala ndi kutha ndi chala. Mmisiri amalemba chizindikiro ndi pensulo pa mphepete imodzi ya thabwa lililonse, imene idzakhale kumwamba kwa bokosi. Kudula konse kumayambira ku mphepete yolembedwayo. Woiŵala lamulo limeneli amapeza bokosi lake litatsimphina, thabwa lina pamwamba lina pansi.

Thabwa loyamba amaliimika chilili, litatsamira khoma, mphepete yolembedwa itagunda chikhomo. Amakankha jigi modekha kudutsa pa biti, naibweza kumbuyo thabwa likadali logwidwa. Mpata woyamba wadulika, ndipo kumphepete kwatsala chala. Amanyamula thabwa, naveka mpatawo pa chikhomo, nadulanso. Amatero mpaka thabwa lithe. Kenaka amalitembenuza mutu pansi, mphepete yolembedwa ikuyang'anabe ku chikhomo, nadula mbali inayo. Thabwa loyang'anizana nalo pa bokosi limadulidwa chimodzimodzi.

Matabwa aŵiri otsalawo ayenera kuyamba ndi mpata, osati chala. Apa mmisiri amatenga thabwa lodulidwa kale, nalitembenuza nkhope kuti mpata wake woyamba uvale chikhomo ndipo chala chake choyamba chitseke danga la pakati pa chikhomo ndi biti. Thabwa latsopano amaligunditsa pamenepo ndi mphepete yake yolembedwa, nalipanira ndi kilampu, nadula. Mpata wagwa pamphepete penipeni. Akachotsa thabwa loyamba lija, amasuntha latsopanolo kuti mpata wa pamphepete ukumbatire chikhomo, napitiriza monga poyamba.

Pali zinthu zitatu zimene zimaononga ntchito ngakhale jigi ili yabwino. Choyamba ndi utuchi: ukaunjikana pafupi ndi chikhomo, thabwa silikhala pansi ndipo mipata imasiyana kuya, choncho uzichotsedwa ndi burashi pafupipafupi. Chachiŵiri ndi kunyotsoka kwa thabwa kumbuyo, kumene biti imatulukira. Izi zimachepa ngati khoma lili ndi mpata wofanana ndendende ndi biti, ndipo mpatawo ukakula mmisiri aikepo kathabwa kopyapyala katsopano. Chachitatu ndi kuumiriza biti yaing'ono kudula mozama pa mtengo wolimba. Biti yotere imalira, imapsereza thabwa, mwina n'kuthyoka. Pa matabwa ochindikala ndi bwino kudula kaŵiri: poyamba matabwa onse biti ili pansi, kenaka onse biti itakwezedwa, bola chikhomo chikhale chachifupi kuposa mpata wa ulendo woyamba.

Kumata

Asanapake guluu, mmisiri amalumikiza bokosi lonse louma kuti aone ngati zonse zakwana. Ngalande yoloŵetsamo thabwa la pansi pa bokosi iganiziridwe nthaŵi yomweyi: ikadulidwa kuchokera kumapeto mpaka kumapeto imaonekera ngati kabowo pa chala, choncho iimire chala chisanathe, apo ayi kabowoko katsekedwe ndi kachidutswa. Guluu woyera wa matabwa apakidwe ndi kaburashi m'mbali mwa zala, mofulumira, popeza amayamba kugwira pakapita mphindi zoŵerengeka. Popanira, timatabwa totetezera tiikidwe kuseri kwa zala, chifukwa zalazo zatulukira ndi theka la milimita lija ndipo kilampu ikazipanikiza ngodya siitseka.

Kuti adziŵe ngati bokosi laima pa sikweya, mmisiri amayeza mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anizana nayo, kenaka mbali inayo. Miyeso iŵiriyo ikafanana, bokosi laongoka. Lisiyidwe tsiku lathunthu lisananyamule katundu. Pomaliza, nsonga za zala zotulukira zimapalidwa ndi puleni kapena sandipepala, kuchokera ku ngodya kuloŵera m'kati kuti zisanyotsoke.

Zala za mmisiri

Walira mvula walira matope: wofuna liŵiro la rauta alandirenso kuopsa kwake. Biti yozungulira siioneka mano, ndipo imadula nyama mofulumira kuposa m'mene munthu angathaŵitsire dzanja. Malo oopsa kwambiri pa jigi ndi kuseri kwa khoma, kumene biti imatulukira mmisiri asakuiona, pomwe chala chachikulu chimakonda kukhala pokankha. Pamenepo pamatidwe chipika chochindikala chophimba biti, ndipo manja azigwira kumwamba ndi kumbali. Thabwa laling'ono ligwidwe ndi kilampu. Malaya a manja aatali apindidwe, ndipo magolovesi asavalidwe pafupi ndi biti chifukwa amakoka dzanja.

Posintha biti, pulagi izulidwe. Magetsi akazima mwadzidzidzi, switchi izimitsidwe nthaŵi yomweyo, pakuti rauta ina imadzuka yokha magetsi akabwera, mwina mwana kapena wophunzira ntchito ali pa tebulo. Mwendo wa biti uloŵe m'chogwirira chake pafupifupi magawo atatu mwa anayi, koma usagunde pansi. Chogwiriracho chikhale cha muyeso wa biti: biti za ku Ulaya zambiri zili ndi miyendo ya mamilimita 6, 8 kapena 12, pamene za ku Amereka ndi ku Britain zili ndi miyendo ya mamilimita 6.35 kapena 12.7. Ndi maso zimaoneka zofanana, koma biti ya 6 yomangidwa m'chogwirira cha 6.35 imatha kusolotoka ikuzungulira. Wogula rauta yakale aŵerengenso chikwangwani chake, popeza magetsi a ku Malaŵi ndi a mavoti 230 pamene makina opangidwira ku Amereka amafuna mavoti 120, ndipo amapsa akalumikizidwa kuno popanda thiransifoma.

Maso atetezedwe ndi magalasi, makutu ndi zotsekera, mphuno ndi pakamwa ndi chophimba. Mu 1995 bungwe la International Agency for Research on Cancer, limene lili pansi pa World Health Organization, lidaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. Fumbi la rauta ndi losalala kwambiri ndipo limakhalitsa mu mpweya, choncho shedi ikhale yopita mphepo.

Mnyamata kapena mtsikana amene sadagwirepo makinaŵa asayambe yekha. Aphunzire pamaso pa mmisiri wodziŵa, kapena ku sukulu za ntchito zamanja monga za ku Soche, Namitete ndi Mzuzu. Nayenso mmisiri wa kumudzi kumene magetsi sadafike asadandaule, pakuti zala zomwezi zimadulika ndi macheka ndi tchizulo, ndipo lamulo lake ndi lomwelo lakuti chala chifanane ndi mpata. Kusiyana kwake n'kwakuti wa tchizulo amayeza chala chilichonse pachokha, pamene wa jigi amayeza kamodzi.

Kukonza jigi ndi kuiyesa kungathe kudya m'maŵa wonse, ndipo woona angaganize kuti mmisiri akuseŵera ndi zidutswa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Jigi ikakwana, ngodya zinayi za bokosi zimadulika pa mphindi zoŵerengeka, ndipo bokosi la makumi aŵiri limatuluka lofanana ndi loyamba. Mmisiri alembe pa jigiyo kukula kwa biti yake, asunge choyezera chija pamodzi ndi ngodya yoyesera imene idakwana, ndipo aipachike pa malo ouma, chifukwa chinyezi cha dzinja chimafufumitsa chikhomo. Tsiku loitsitsanso, ayambe ndi zidutswa ziŵiri asanakhudze thabwa la kasitomala.